Mwala wa Sikelo

Ndinachoka ku Tete m'bandakucha,
Zambezi akadali mtulo pansi pa mlatho,
bokosi lili pamiyendo ngati mwana wodwala.
M'katimo sikelo yachitsulo ndi miyala yake inayi,
chitupa cha msonkho chodyeka ndi njenjete,
chisoti cha sipayo chimene mutu wake unaola kalekale.
Zaka zisanu ndi zinayi ndazipukuta fumbi
m'nyumba yosungiramo zakale,
ndipo ntchito yanga yonse imakwana m'mawu awiri:
osakhudza, chonde.

Ku Zobwe ndinapeza kalasi yopanda mabenchi.
Aphunzitsi a Felisimina Kachingwe anali atawatulutsa onse,
atatchinga mazenera ndi makapulana,
pansi atamwaza thonje la m'matiresi otha.
Ndinafunsa pokhala oonerera.
Lero kulibe woonerera, bambo, iwo anatero,
nandisenzetsa thumba,
nandilemba nambala pachikhatho ndi khala.

Tinandanda pamzere, ana makumi asanu ndi ine.
Jasinto, kamnyamata kosafika pa lamba wanga,
kavala chisoti cha katoni,
chenichenicho chikukayang'ana pa tebulo,
kakukalipa m'Chipwitikizi chomwe chimakagwetsa pa mayeso.
Kanandigunda ndi bango kumsana. Ndinasuntha.
Mpaka lero sindidziwa chimene ndinasunthira msanga chotero.

Thumba likakwera sikelo, kalaliki ankapukusa mutu:
lachepa, bwerera kumunda.
Lachepa. Lachepanso.
Kuseka kunayamba kuzilala mmodzimmodzi.
Kunja malole a pamalire ankaliza mahutala
kutikumbutsa chaka chathu,
koma m'chipindamo munalowa chaka china, chosavula nsapato.

Apo Lukiresiya, yemwe sanapatsidwe mawu m'sewerolo,
anachoka pamzere.
M'chikwama chake munali mchere womutuma mayi ake,
kilo imodzi, paketi yosatsegula.
Anauika m'mbale iyi,
mwala wolembedwa kilo imodzi m'mbale inayo.
Mchere unakwera m'mwamba.
Mwala unakhala pansi, phee, ngati mwini dziko.

Anasinthanitsa mbale. Chimodzimodzi.
Mawu anga awiri aja akadali pakhosi
iye anali atautembenuza kale:
kunsi kwake bowo,
m'bowomo mtovu wothiridwa bwinobwino
ndi dzanja lodziwa ntchito yake.

Jasinto anavula chisoti.
Wina kumbuyo anayamba kuwerenga zala:
ngati pa kilo ankadya chonchi,
nanga pa matumba khumi, pa zaka khumi,
pa mudzi wonse wa agogo?
Zala zinamuthera.
Aphunzitsi anangomupatsa choko, osanena kanthu,
ndipo masamu amene amathawitsa ana Lachisanu
anadzaza bolodi, natsikira pakhoma.
Belu linalira. Palibe anatuluka.

Ine chiimire, thumba kumutu.
Kapepala ka mwalawo ndinalemba ndekha pa taipi:
Mwala woyesera thonje, kilo imodzi.
Ndasunga bodza m'galasi,
kulipukuta pamwamba Lolemba lililonse,
kulitchinjiriza ku zala za ana.

Pobwerera, chapa inatsika phiri ikulira mabuleki,
mphepo yozizira inatsalira kumtunda,
ku Moatize fumbi la malasha linatilandira m'mano.
Thukuta linafufuta nambala ya pachikhatho,
inatsala theka, sindinaipukute.
Ndinatsegula bokosi kuti ndiwerenge katundu:
sikelo, chitupa, chisoti, miyala inayi,
ndi timibulu ta mchere m'mbale ya kumanzere
timene palibe pa mndandanda.

Mawa ndilemba kapepala kena.
Sindinadziwe ngati dzina la mtsikana wa giredi sikisi
limaloledwa pansi pa galasi.
Abwana adzafunsa ndithu kuti anakhudza ndani.
Ndidzati ana makumi asanu,
kenaka ine, pomalizira penipeni,
ndipo mwalawo unali wofunda.